Mtsuko Umene Ndinatsika Nawo M'phiri la Zomba

Amene akudziwa kuti mtima wake ndi wokayikakayika anyamule chipanda chake apite uko kwa osewera bawo, chifukwa sindikufuna kuti ndili pakati pa nkhani wina ayambe kutsokomola mwadala. Inu anyamata a kukoleji ku Chirunga mwandifunsa nokha kuti pa mowa wonse wa chaka chikuthachi, umene unandigwira mtima ndi uti. Sindinakuitaneni ine. Ndiye mafoni mulowetse m'matumba, mukhale bwino pabenchipo, mumve kwa munthu amene lilime lake linayamba ntchito makolo anu asanaonane n'komwe.

Za m'mabotolo musanditchulire. Mowa wa m'botolo ulibe mwini, wa lero ndi wa dzulo n'chimodzimodzi ngati madzi a pampopi. Ine ndikunena mowa wofulula munthu ndi manja ake, umene akuluakulu kwathu ku Milanje ankautcha otheka, woti ukangoukhudzitsa pamlomo umadziwa ngati mayi wofululayo anadzuka atakondwa kapena anayamba wakangana ndi amuna ake, umadziwa nkhuni zimene anasonkhera, kaya za bulugamu kaya za mango, umadziwa ngakhale mtsinje umene anatungako madzi. Umenewo ndiye mowa. Ndipo chaka chino ndaufunafuna mowa wotero ngati munthu wosowetsa mbuzi, osati chifukwa cha khosi langa ayi, koma chifukwa cha a Makwinja.

A Makwinja simukuwadziwa, munabwera mochedwa. Ine Namakhwa ndi iwowo tinali pa sowo imodzi yochekera matabwa m'phiri umu kuyambira tili ndi tsitsi lakuda, ine pamwamba pa chipika, iwo m'dzenje pansi, ine kukoka iwo kukoka, utuchi wonse kugwera pamutu pawo, moti potuluka m'dzenjemo madzulo ankaoneka ngati nkhalamba, ndipo atakalambadi palibe anazindikira kuti chasintha n'chiyani. Masiku amenewo paini wa pamwamba apo sanali timitengo mukutionati. Mtengo umodzi ukaudula unkatha kupita kumtsinje kukasamba, kuchapa malaya, kuwayanika mpaka kuuma, n'kubwerera n'kupeza nsonga yake ikadali m'njira, sinafike pansi. Mukumva? Thabwa la mtengo wotero tinkalisenza awiri, ine kutsogolo ndikulonjerana ndi anthu pamsika wa m'tauni, a Makwinja kumbuyo asananyamuke n'komwe kudamu la pamwamba pa phiri. Nthawi imeneyo aphungu anali asanasamukire ku Lilongwe, Zomba ali Zomba, magalimoto akuda akudutsana pansi pa mitengo ya m'bawa, ndipo ife ocheka matabwa tikafika pamalo a mowa anthu ankasendera kutipatsa pokhala.

Chaka chino, chimanga chitangoyamba kuuma m'minda, a Makwinja anagwa pakhonde pawo konkuno ku Matawale, kuseri kwa chigayo uko. Anafa mbali imodzi, mkono ndi mwendo, ndipo pakamwa panatsekeka. Atabwerako kuchipatala, mwana wawo Felesiya anawayalira mphasa pafupi ndi khomo kuti aziona anthu odutsa. Munthu amene ankayankhula osapuma, wotsutsa chilichonse chimene ine ndanena, woti ukati kwacha iye n'kuti ndi mwezi umenewo, anangoti duu, kutsala maso okha. Phala akawapatsa ankalizunguza m'kamwa n'kulibweza. Tiyi chimodzimodzi. Ndinkapita kukakhala nawo, ndikuwanamiza dala kuti mwina apsa mtima anditsutse, koma ayi ndithu. Anayamba kutha ine ndikuona, mapewa aja ankasenza chipika anatsala mafupa okolekapo malaya.

Felesiya ndi mayi wa mvano, mowa pakhomo pake sufika, ndipo ine kuyambira kale amandiyang'ana ngati amene ndinawononga bambo ake. Koma tsiku lina anandiperekeza mpaka pamsewu, naima, nati, "A Namakhwa, chilichonse chimene mukuganiza kuti bambo angameze, bwerani nacho. Ine ndiziyang'ana kumbali."

Ndinadziwa pomwepo chochita. Lilime la mnzanga linali litagona, ndipo lilime la wocheka matabwa silidzuka ndi phala.

Ndinayambira ku Songani. Kuseri kwa msika, ukadutsa pamene amagulitsa mbuzi, kuli mayi wina wamfupi wofulula mowa wa nthochi, amene amazikwirira m'dzenje mpaka zitapsa n'kuda bii, ndipo mowa wake umayamba ndi kutsekemera ngati ukufuna kukubwereka kanthu, kenako umakugwira m'mawondo osakuchenjeza. Tsiku limene ndinafikako nkhuku ya pakhomopo inali itajompha masese otayidwa, ndipo ndinaiona ndi maso angawa ikuthamangitsa galu mpaka kumukweza mumtengo wa papaya, n'kubwerera ikuyenda ngati msilikali, n'kukhala pansi, n'kuikira dzira lophikaphika, lothira mchere kale. Dziralo ndinadya ndine. Mowawo ndinaulawa, ndinaukonda, mpaka lero ndimaukonda, ndipo nditathira m'chigubu n'kukwera nawo minibasi, fungo lokhalo linachititsa kondakitala kuiwala kukuwa, tonse tinafika m'tauni tikuimba nyimbo imodzi, ngakhale mbuzi imene inamangidwa kumbuyo inkavomereza.

A Makwinja ndinawadonthezera pamlomo ndi supuni. Anandiyang'ana, natembenukira kukhoma.

Ndinapita ku Chinamwali, kwa nkhalamba ina yofulula wa mapira ofiira, mowa wolemera moti chipanda sichimira, umachita kuucheka ndi mpeni, mphaka amayenda pamwamba pake osanyowa mapazi, ndipo ine ndinabwera nawo nditaukulunga m'tsamba la nthochi ngati chikondamoyo. Umenewo ndi wowawirako pang'ono, wa kautsi, wosaseka ndi munthu, ukaumwa m'mawa njala imaiwala kumene umakhala. Pa mowa wa chaka chino, umenewo ndimaupatsa ulemu wake. A Makwinja anaununkhiza, mphuno inagwedezeka pang'ono, ine mtima phaa, koma pakamwa sipanatseguke. Ndinazungulira choncho, Sadzi, Thondwe, mpaka kumadambo a ku Chilwa kumene ena amathiramo mpunga, nsapato zinatha, miyezi ikupita, ndipo kulikonse ndinapeza mowa woti munthu wabwinobwino angavine nawo, koma wodwala wanga ankangotembenukira kukhoma.

Ndiye inafika nyengo yozizira ija. Tsiku lina masana ndinakhala pambali pa mphasa yawo, ndipo ndinaona kuti maso awo sali pa anthu odutsa. Anali kuphiri. Kenako mkono wamoyo uja unanyamuka, n'kuyamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ngati akukoka sowo, n'kuloza pamwamba penipeni pamene panali mtambo. Ndinadzimenya pachipumi. Miyezi yonseyi ndinkazungulira pansi, chikhalirecho mowa wa a Makwinja unali kumwamba, kwa amake Lute.

Amake Lute ndi amene ankatifululira ife ocheka. Ankakhala pamwamba, kufupi ndi nyumba za ogwira ntchito m'nkhalango, ndipo mowa wawo unali wa mawere okhaokha, wothira uchi, madzi ake otunga kumene mtsinje wa Mulunguzi umatulukira usanadziwe fumbi. Sabata ikatha tinkakhala pa zipika kunja kwa nyumba yawo, manja ali phuliphuli matuza, chipanda chikuzungulira, wina akuimba za kwawo ku Milanje, wina za kwawo ku Phalombe, ndipo panalibe bwana pa dziko lino amene tinkamusirira. Ndipo mayi ameneyo tinali naye pa ubale wina. Tsiku limene Lute ankabadwa kunalibe galimoto pamwamba, amuna awo anali kutali, ndiye ine ndi a Makwinja tinawagoneka pathabwa n'kuthamanga nawo kutsika phiri, koma mwana sanadikire, anabadwira pakona ina ya msewu, ndipo nsalu yoyamba imene Lute anafunda pa dziko lino inali malaya a a Makwinja, odzaza utuchi.

M'mawa mwake ndinanyamuka ndi njira ya mbatata, ija alimi amatsikira ndi mitolo pamutu. Mawondo angawa ankalira ngati chitseko cha tchalitchi, koma chimene chinandipweteka si mawondo. Pamene kale panali mdima wa mitengo masanasana, pamene unkayenda pa masamba ofewa osamva phazi lako, ndinapeza zitsa, udzu, ndi mphepo yopanda poima. Ena mwa mitengo imeneyo ndinadula ndine, sindikukana, koma ife tinkadula umodzi nkhalango osazindikira. Ndinafika pamwamba ndikuyenda ngati wopita kumaliro.

Amake Lute ndinawapeza pakhonde akusankha mabulosi m'lichero, maso atachita khungu pang'ono, msana utapindika. Anandizindikira ndi mawu. Mbiya ija inkatimwetsa tonse inali itagonekedwa chammbali kuseri kwa nyumba, nkhuku ikuikiramo.

"Ndinasiya kalekale," anatero. "Ndifululire ndani? Ocheka anatha, mitengo inatha. Ana a masiku ano amafuna mowa wa m'timapepala ta pulasitiki."

Ndinawauza za a Makwinja, za mkono, za phala lobwezedwa, za dzanja loloza kuphiri. Anaika lichero pansi. Kenako anati, "Ingitsani nkhukuyo. Mawere ndili nawo. Uchi mukapeze nokha, koma osati wa pamsewu wothira shuga. Ndikufuna wa m'thanthwe."

Tsopano tcherani makutu, chifukwa apa ndi pamene anthu amitima yaing'ono amayamba kuyang'anizana. Uchi wa m'thanthwe m'phiri lonseli umapezeka malo amodzi, m'dzenje la Chingwe, lija lilibe pothera, ndipo ine ndinapota luzi, ndinamanga ku chitsa, ndinatsika, kutsika, kutsika, mpaka kuwala kwa pamwamba kunatsala ngati diso la nsomba, mpaka ndinayamba kumva mvuu za mu Shire zikupuma pansi pa mapazi anga, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazipeza njuchi, zazikulu ngati nkhunda, mbola zake ngati misomali yokhomera denga, zikulira moti thanthwe lonse linkanjenjemera. Moto umene ndinatenga kuti ndizifukize unali utazima ndi chinyezi. Ndiye ndichite chiyani, dzanja limodzi lili pachingwe, njuchi zikundizungulira kusankha poyambira? Ndinakumbukira kuti ndinali nditamwa wa mapira wa ku Chinamwali uja, ndinakoka mpweya kuchokera pansi pa mimba, n'kuziuzira kamodzi kokha. Zinayoyoka ngati mango a m'mphepo, zina zikuliza mkonono zisanafike n'komwe pogwera. Mukumva? Ndinathyola chisa chimodzi chachikulu ngati chitseko, ndinachiika pamutu, ndinakwera chingwe ndi mano, chifukwa manja onse anali ndi ntchito, ndipo dzino ili mukuliona palibeli linatsala komweko. Amene akufuna akaone, likadali pachingwepo.

Amake Lute anaviika chala mu uchiwo, nalawa, nagwedeza mutu. Sanandiyamike, mayi ameneyo sayamika munthu. Ndinakhala kwawoko masiku onse ofulula, ndikuwaza nkhuni, ndikutunga madzi kumutu kwa mtsinje, iwo akutakasa ndi mthiko wautali, osaona bwino koma akumva ndi khutu ngati phala lapsa. Manja awo okalambawo pa mthiko anaima nji. Ankatakasa akutchula maina a ocheka akale mmodzimmodzi, kundifunsa kuti uje ali kuti, nanga uje, ine ndikuyankha kuti anatsogola, anatsogola, mpaka anasiya kufunsa. Ndipo mowa utayamba kuwira, mbiya inayamba kung'ung'udza, kenako kubangula, moti agalu a pamwamba anathawira m'nyumba, madzi a m'damu anachita mafunde kopanda mphepo, ndipo kumunsi kuno anthu anayamba kunong'onezana kuti Napolo wadzuka, ena mpaka kumanga katundu. Inu amene munali kuno nthawi yozizira ija, kumbukirani bwino ngati simunamve pansi pakugwedezeka. Unali mowa umenewo.

Utapsa, anadzaza mtsuko waukulu woti munthu wamkulu angabisalemo, anavundikira ndi masamba a nthochi, anamanga ndi luzi, anandipotera nkhata ndi chitenje chawo chakale. Atanditwika anandigwira pamkono.

"Woyamba kulawa akhale mwini wake. Mwamva, a Namakhwa?"

"Ndamva, mayi."

"Ndikukudziwanitu."

Ndinanyamuka m'mawa, chiperoni chitagwira phiri lonse. Nkhungu ya tsiku limenelo sinali yongoyendamo, inali yolimba, ndinkachita kuidula ndi chikwanje, zidutswa zake n'kumagubuduka kutsetsereka kumunsi, ndipo pena ndikatopa ndinkaitsamira n'kupuma. Koma vuto silinali nkhungu. Mowa uja unali usanasiye kuwira, mpweya unadzaza pansi pa masamba, mtsuko unayamba kupepuka, kupepuka, ndinamva khosi langa likutalika, zidendene zikusiya dothi, kenako zala za kumapazi, ndipo posakhalitsa ndinali m'malere, nditakakamira mtsuko ndi manja awiri, miyendo ikupalasa mphepo, ndikutulukira pamwamba pa nkhungu pamene dzuwa linali phwee, Mulanje ali apo ngati ndingamukhudze, Chilwa akunyezimira uko, akabawi akundizungulira kudabwa kuti mbalame yovala jekete yachokera kuti. Ndikuuzeni zoona, kunali kokongola, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanalola kuti mphepo indipititse kwathu ku Milanje ndikaone manda a amayi. Koma kunali munthu pamphasa ku Matawale. Ndinakweza dzanja, ndinamasula luzi pang'ono, mpweya unatuluka ndi mluzu umene anaumva ku Domasi, thovu linasefukira, linayenderera, linagwera mu Mulunguzi, ine n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka mapazi anagunda njira. Thovu limenelo linapita ndi madzi mpaka m'mipopi ya m'tauni, ndipo tsiku limenelo ku Zomba kuno palibe banja linakangana, ogulitsa pamsika ankaonjezera okha tomato osapemphedwa, ndipo inu a ku Chirunga amene munamwa tiyi m'mawa umenewo mukumbuke mmene munasekera m'kalasi popanda wonena zoseketsa. Mowa woyamba unatayika choncho. Ndikanatani?

Ndisanapite patali ndinapeza anyani atatseka njira. Sanali obalalika ngati masiku onse, anali atakhala mwadongosolo, akazi uku, ana uku, ndipo pakati panali nkhalamba yawo ya imvi, ya khutu long'ambika, imene ndinaizindikira, chifukwa ili kamwana inkatibera chinangwa kudzenje lochekera. Nayonso inandizindikira. Sinakuwe, sinaonetse mano, inangoloza mtsuko, n'kuloza kabowo ka pathanthwe. Ndinayesa kuiuza za wodwala, inamvetsera mwaulemu, n'kulozanso pathanthwe pomwepo. Kumanzere phompho, kumanja phompho, kumbuyo anyani ena atatseka kale. Ndinathira. Anamwa mosalimbirana, mmodzimmodzi, wamkulu kuyamba, ndipo mowa utawafika m'mutu, nkhalamba ija inatola ndodo yaitali, inakwera pa chipika chakugwa, mnzake analowa kunsi kwake, n'kuyamba kukoka ndodo ija, wina pamwamba wina pansi, kukwera ndi kutsika, ena onse akuwomba m'manja motsatira, ndipo wapansiyo ankaima kawirikawiri n'kumakalipira wapamwamba kuti akukhotetsa mzere. Mukumva? Zaka zonse zija tinkayesa tili awiri m'nkhalango, anyani ankationerera. Ndinaseka mpaka mtsuko unagwedezeka, kenako ndinapeza kuti sindikusekanso. Anandipatukira, nkhalamba ija inandiperekeza mpaka pamtsinje ikudzandira.

Kutsika pang'ono kuchokera pamenepo, njira imadutsa pafupi ndi dzenje lathu lakale. Sindinafune kupatuka, miyendo inapatuka yokha. Dzenjelo lilipobe, lakwiririka theka, mwamera zitsamba, koma mitanda iwiri ija tinkagonekapo chipika ikadalipo, yofumbwa. Ndinatula mtsuko. Panali zii, popanda sowo, popanda nyimbo, popanda wokuwa kuti mtengo ukugwa. Ndiye ndinaganiza kuti si bwino kudutsa ndi mowa wa amake Lute pamalo amenewa osawagawira eni ake. Ndinathira pansi pang'ono kwa a Likaka, amene ankanola sowo zathu. Ndinathira kwa a Jailosi, amene anaphwanyidwa ndi chipika mvula ikugwa. Ndinathira ngakhale kwa a Sumaili, amene mowa sankaukhudza chifukwa cha chipembedzo chawo koma ankakhala nafe pa zipika ndi thobwa lawo m'manja, ndinawapepesa, ndinati mungonunkhiza. Ndipo dothi lija linamwa, linamwa mwaludzu moti ndinkamva likumeza, ndikati ndiimike mtsuko dzina lina n'kubwera m'mutu, ndikati basi lina n'kubwera, ndipo ndili chiyang'anire zitsa zozungulira dzenjelo zinayamba kuphuka, timasamba ta paini tatiwisi tikutuluka pa mitengo imene inafa ine ndili ndi mano onse. Ndinakhala pamenepo kanthawi ndithu, msana nditatsamira mtsuko. Zimene ndinachita pamenepo ndi kulira basi. Wina aliyense wonena zina sanaliko.

Ndinalowa mu Matawale dzuwa litapendeka. Anthu amene anandiona amati ndinkayenda mokhotakhota ndiponso ndikuimba, koma munthu amene wauluka m'mawa, miyendo yake siizolowera dothi msanga. Felesiya anandithandiza kutula, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha atamva kupepuka kwa mtsukowo. Anamasula masamba, anasuzumira, anapendeketsa, anapendeketsabe, mpaka mtsuko unaima chamutu. Zimene zinatuluka zinadzaza kapu imodzi ya tiyi. Anangondipatsa kapuyo ndi supuni, n'kupita kukaima pakhomo atatifulatira monga analonjezera.

Ndinagwada pamphasa, ndinadzutsa mutu wa a Makwinja, ndinaika supuni pamlomo. Fungo litawafika, maso anatseguka onse. Mlomo wopindika uja unasuntha. Mowa unalowa, unakhala m'kamwa, ine ndikudikira kuti ubwerera ngati phala, ndipo ndinamva kuti gwidi, kholingo lakwera n'kutsika. Felesiya anamva nayenso, chifukwa mapewa ake anagwedezeka. Supuni yachiwiri sanaidikire. Dzanja lamoyo lija linandilanda kapu, anamwa okha, pang'onopang'ono, akupumira, misozi ikutsikira m'makutu, mpaka anapendeketsa kapu kumwamba n'kunyambita m'mphepete. Kenako anayang'ana mtsuko waukulu uja uli chigonere pakhomo, anayang'ana kapu, anayang'ana ine. Pakamwa panayamba kulimbana, lilime likudzikoka ngati ng'ombe yotitimira m'matope, ndipo mawu anatuluka, okhuthala, opindika, koma omveka.

"Winawo... uli kuti?"

Felesiya anakhala pansi pomwe anaimapo, chitenje kukamwa. Ine ndinayamba kufotokoza mwaulemu, za nkhungu, za kuuluka, za thovu mu Mulunguzi, za anyani. Anandimvetsera mpaka kumapeto, diso limodzi litatsinzina.

"Bodza," anatero. "Mwamwa."

"Achimwene, ndikulumbira."

"Nyani... sakoka sowo."

Felesiya ndi wochenjera. Anapukuta m'maso, anathamangira kukhitchini, anabwera ndi mbatata yophika yoponda ndi nsinjiro, nati, "Bambo, idyani kaye kuti muwatsutse bwino, akunamizani kwambiri awa." Ndipo a Makwinja anadya. Anadya akundiyang'ana ndi mkwiyo, mbale yonse, kuti apeze mphamvu zonditsutsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita m'mawa uliwonse, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi mlandu unkayamba. Ankafuna ndifotokozenso, ndikafotokoza ankandigwira pa mawu, ati dzulo munati nyani anali wa khutu lakumanzere, lero mukuti lakumanja, ati munthu wolemera ngati inu mtsuko sungamunyamule, ati dzenje la Chingwe mumaliopa kuyambira kale. Mawu anabwerera, thupi linabwerera pang'ono, anayamba kukhala tsonga pakhonde, kuitana anthu odutsa kuti adzamve mmene mnzawo wa zaka zonsezi anawamwera mowa wa pa imfa yawo. Anthu ankadzaza pakhondepo, ine ndikulumbira, iwo akutsutsa, Felesiya akuseka kukhitchini, mayi amene ndinali ndisanamumvepo akuseka pamaso panga. Nyengo yozizira inatha tikukangana, yotentha yonse tinakangana, jakaranda anachita maluwa n'kuyoyoka tikukangana. Uthenga unafika pamwamba kwa amake Lute kuti munthu wawo wadya ndipo akuyankhula, ndipo iwo anabweza mawu akuti mtsuko wawo ubwerere, ndi kuti a Namakhwa asadzapondenso pakhomo pawo ngati zimene akumvazo n'zoona.

Mvula yoyamba itagwa, a Makwinja anadwalanso, ndipo ulendo uno panalibe mowa woti n'kuwabweza. Tsiku lomaliza limene anayankhula ndinawapeza atagona, mawu atatsala aang'ono. Anandikodola, ndinawerama, ndinayesa akufuna kutsazika. Anati, "Fotokozaninso." Ndinafotokoza zonse kuyambira pamwamba, osadumpha kanthu, iwo maso ali chitsinzinire, ndipo nditamaliza anati, "Bodza." Koma ankamwetulira ndi mbali yamoyo ija.

Mbiya ija amake Lute anaigonekanso, nkhuku inabwereramo. Ndiye mukandifunsa za mowa wa chaka chino, wa nthochi wa ku Songani ulipo, pitani mukamwe, wa mapira wa ku Chinamwali ulipo, mutenge mpeni. Koma woposa onse simudzaupeza, unafululidwa kamodzi ndipo unatha. Mukufuna kudziwa kuti unkakoma bwanji? Poyamba umazizira pa lilime ngati madzi a pathanthwe, kenako mawere amabwera ndi kuwawasa kwake kofatsa, kenako uchi umatulukira mochedwa ngati mlendo wodziwa kuti akumudikira, ndipo ukameza, kautsi ka nkhuni kamakhala kukhosi mpaka mawa lake, ukumva kutentha kukutsika pang'onopang'ono mpaka ku zala za kumapazi. Anandiuza ndi a Makwinja zimenezo. Ine sindinalawe ngakhale dontho.

Iwe wa magalasi, ndakuona, bisa mano amenewo. Munthu amene anali ndi chilolezo chonditchula wabodza anali mmodzi yekha pa dziko lino, ndipo tinakamuika m'manda mvula ikugwa, ine nditagwira kutsogolo kwa bokosi. Malo akewo sindinapatse munthu.